Mtengo wa Madzi Oyera: Kugula ndi Kugulitsa Malo Odaivira M'nyanja ndi M'migodi Yakale

Munda uli ndi mtengo wake, nyumba ili ndi mtengo wake, ngakhale bwato la msodzi limadziwika ndalama zake. Koma pali katundu wina wovuta kumuikira mtengo: malo amene anthu amalipira ndalama kuti alowe pansi pa madzi akaone nsomba, miyala ndi mapanga. Malo oterewa akagulitsidwa, wogula amakhala kuti wagula chiyani? Nthaka ya m'mphepete, madzi enieniwo, nsomba, kapena mbiri ya malowo? Funsoli limavutitsa eni malo, mabanki, maboma ndi okonda masewerawa ku America, ku Ulaya ndi ku Mexico. Likutikhudzanso ife, chifukwa Nyanja ya Malawi ndi imodzi mwa nyanja zotchuka kwambiri padziko lonse pa nkhani yodaiva m'madzi opanda mchere.

Kudaiva n'chiyani, nanga malo ake ndi otani?

Kudaiva kumene tikunena pano ndi kusambira pansi pa madzi munthu atabereka thanki ya mpweya kumsana. Anthu amakutcha scuba. Mpweya umatuluka m'thankimo kudzera m'kachipangizo kamene kamautsitsa mphamvu kuti ufike m'kamwa bwinobwino. Wophunzira amene wangolandira chiphaso choyamba amaloledwa kufika mamita 18, ndipo ngakhale odziwa bwino amene amadaiva pongosangalala sapitirira mamita 40.

Anthu ambiri akamva za kudaiva amaganiza za nyanja zamchere. Komabe pali malo ochuluka a madzi opanda mchere amene madaiva amapitako, ndipo tingawagawe m'magulu anayi. Gulu loyamba ndi nyanja zachilengedwe monga Malawi ndi Tanganyika. Lachiwiri ndi maenje a migodi ndi a kwale amene anadzaza madzi ntchito yokumba itatha. Lachitatu ndi akasupe otuluka pansi pa nthaka, monga a m'chigawo cha Florida ku America. Lachinayi ndi mapanga odzaza madzi, monga aja otchedwa cenote a ku Yucatán m'dziko la Mexico.

Kugawa kumeneku n'kofunika chifukwa umwini umasiyana. Dzenje la kwale limatha kukhala lonse mkati mwa mpanda wa munthu mmodzi, ndipo amatha kuligulitsa monga momwe angagulitsire famu. Nyanja yaikulu sikhala ya munthu. Kasupe ndi phanga zili pakatikati: khomo lake limatha kukhala pa malo a munthu, koma madzi ake amachokera kutali, pansi pa minda ndi nyumba za anthu ena.

Momwe dzenje la miyala linasandukira bizinesi

Chipangizo chopumira pansi pa madzi chimene chinatsegula masewerawa kwa anthu wamba chinapangidwa ku France m'chaka cha 1943 ndi Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, makalabu a madaiva anayamba kuchuluka. Ku Britain kunakhazikitsidwa bungwe la British Sub-Aqua Club mu 1953, ndipo ku America bungwe la PADI linayamba mu 1966. Mabungwe oterewa anaika dongosolo la maphunziro ndi ziphaso.

Dongosolo limeneli ndi limene linabala msika. Kuti munthu alandire chiphaso choyamba cha PADI, sikokwanira kuphunzira m'dziwe losambiriramo. Ayenera kudaiva kanayi m'madzi enieni a panja. Munthu wokhala kutali ndi nyanja yamchere amafuna malo apafupi ochitira zimenezi. Pamenepo maenje a migodi yakale, amene poyamba anali chiopsezo chabe kwa ana ndi ziweto, anapeza ntchito yatsopano.

Ku England, malo a Stoney Cove m'chigawo cha Leicestershire anali mgodi wa miyala. Kukumba kutaleka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, madzi a pansi anadzaza dzenjelo, ndipo madaiva anayamba kufikako. Lero ndi amodzi mwa malo odziwika kwambiri ophunzirira kudaiva m'dzikolo, akuya pafupifupi mamita 36. M'chaka cha 2000 eni ake anamiza dala sitima yakale yotchedwa Stanegarth kuti madaiva azikhala ndi chokaona. Ku America, Dutch Springs m'chigawo cha Pennsylvania unali mgodi wa miyala yopangira simenti, ndipo unasandutsidwa malo odaivira cha m'ma 1980. M'madzimo anamizamo basi, ndege ndi maboti. Ku South Africa kulinso malo otere, monga Miracle Waters kufupi ndi Brits, kumene madaiva a ku Johannesburg ndi Pretoria amakaphunzirira.

Apa tikuona kuti mtengo wa malo oterewa sunabwere ndi madzi okha. Unabwera pamene wina anamanga msewu, masitepe otsikira m'madzi, zimbudzi, chipinda chodzazira mpweya m'mathanki ndi dongosolo lopulumutsa anthu pangozi.

Chimene chimagulitsidwa kwenikweni

Malo odaivira akaikidwa pamsika, m'mtolomo mumakhala zinthu zisanu zimene ziyenera kuonedwa chilichonse pachokha.

Choyamba ndi nthaka, kapena ufulu wogwiritsa ntchito nthakayo kwa zaka zoikika, umene timautcha lizi. Chachiwiri ndi zomangidwa: nyumba, doko la maboti, malo oimika magalimoto, zipinda zogona alendo. Chachitatu ndi zipangizo: kompresa yodzazira mpweya, mathanki, zovala zodaivira, maboti ndi injini zake. Zimenezi zimatha msanga ndipo mtengo wake umatsika chaka ndi chaka. Chachinayi ndi zilolezo: chiphaso cha bizinesi, cha ntchito zokopa alendo, cha maboti, ndiponso mgwirizano ndi bungwe lopereka ziphaso za madaiva. Zilolezo zina sizisamuka zokha kuchoka kwa wogulitsa kupita kwa wogula. Wogula ayenera kukapempha mwatsopano. Chachisanu ndi dzina la malowo: makasitomala amene amabwera chaka chilichonse, masukulu a kudaiva amene amabweretsa ophunzira, ndi zimene alendo amalemba pa intaneti.

Pa mndandandawu palibe chinthu chimene chimakoka daiva kuti achoke kwawo: kuyera kwa madzi ndi zamoyo za m'menemo. M'maiko ambiri madzi ndi a fuko lonse ndipo boma ndilo limawayang'anira. Choncho wogula amalipira ndalama zambiri chifukwa cha chinthu chimene sichili m'manja mwake ndipo sangachiteteze yekha. Iyi ndiye mfundo yaikulu pa nkhani yonseyi.

Njira zitatu zoyerekezera mtengo

Akatswiri oyerekeza mitengo ya malo amagwiritsa ntchito njira zitatu, ndipo iliyonse ili ndi pofookera ikafika pa malo odaivira.

Njira yoyamba ndi yofanizira. Katswiri amafufuza malo ofanana amene agulitsidwa posachedwa m'deralo n'kuona ndalama zake. Njirayi imayenda bwino pa nyumba za m'tauni, chifukwa zimagulitsidwa zambiri. Koma malo odaivira ndi ochepa, amagulitsidwa mwa apo ndi apo, ndipo mitengo yake kawirikawiri imasungidwa mwachinsinsi. Komanso palibe maenje awiri ofanana: lina ndi lakuya koma lamatope, lina ndi loyera koma lili kutali ndi msewu.

Njira yachiwiri imayang'ana phindu. Katswiri amawerenga ndalama zolowa pachaka, n'kuchotsa malipiro a antchito, mafuta, inshuwalansi, misonkho ndi kukonzetsa zipangizo. Zotsalazo amazigawa ndi phindu limene wogula akuyembekezera pa mpamba wake. Tiyerekeze kuti malo ena amatsala ndi K40 miliyoni pachaka. Wogula amene akufuna kuti mpamba wake uzimubwezera K10 pa K100 iliyonse pachaka angalipire K400 miliyoni. Koma amene akuona kuti bizinesiyo ili ndi ziopsezo zambiri, n'kufuna K20 pa K100 iliyonse, sangapitirire K200 miliyoni. Malo ndi omwewo, phindu ndi lomwelo, koma mantha a wogula adula mtengo ndi theka. N'chifukwa chake m'dziko limene chiwongoladzanja cha kubanki n'chokwera, mabizinesi oterewa amagulitsidwa motchipa poyerekeza ndi phindu lake.

Njira yachitatu imafunsa kuti: pangafunike ndalama zingati kuti munthu amange zonsezi kuyambira pachiyambi? Imathandiza poyerekeza nyumba ndi doko, koma singanene kanthu pa dzenje lakuya mamita 30 limene linakumbidwa kwa zaka makumi angapo, kapena pa thanthwe limene nsomba zakhala zikuswanapo kuyambira kalekale.

Pamwamba pa njira zitatuzi pali lamulo limodzi la msika: malo amagulidwa ndi amene angawagwiritse ntchito yobweretsa ndalama zambiri kuposa onse. Ngati nthaka yozungulira madzi ingapindulitse kwambiri itamangidwa nyumba kapena mafakitale, mtengo wake umatsata ntchito imeneyo, osati kudaiva.

Zokweza ndi zotsitsa mtengo

Chinthu choyamba ndi kuyera kwa madzi, kapena kuti mtunda umene daiva angaone ali pansi. Madzi amada chifukwa cha matope okokoloka kumtunda, ndere zochuluka kamba ka feteleza ndi zonyansa za m'zimbudzi, komanso madaiva eni ake akamavundula pansi ndi mapazi. Malo amene munthu amaona mamita 15 amakopa anthu kuposa amene amaona mamita atatu okha.

Chachiwiri ndi kuya kosiyanasiyana. Malo abwino amakhala ndi posaya pa ophunzira, pakatikati pa odziwa, ndi pakuya pa akatswiri. Akatero amalandira magulu onse.

Chachitatu ndi kuyandikira kwa mzinda waukulu. Dzenje wamba limene lili pa mtunda wa maola awiri kuchokera mumzinda wa anthu mamiliyoni limatha kupanga ndalama zambiri kuposa nyanja yokongola imene munthu amaifika ndi ndege ziwiri ndi tsiku lathunthu pamsewu.

Chachinayi ndi kutalika kwa nyengo yogwira ntchito. M'maiko ozizira malo ena amatsekedwa m'nyengo yachisanu. Kumalo otentha bizinesi imatha kuyenda chaka chonse, ngakhale mvula ndi mphepo zimachepetsa masiku abwino.

Chachisanu ndi ngozi. Munthu akakwera msanga kuchokera pansi, mpweya wa nayitrojeni umene unalowa m'magazi umapanga thovu, ndipo zimenezi zimatha kupuwalitsa kapena kupha. Wodwala chotere amafunika kuikidwa m'chipinda chapadera chopanikiza mpweya. Malo amene ali kutali ndi chipinda chotere, kapena amene anachitikapo imfa zambiri, amalipira inshuwalansi yokwera, ndipo wogula amachotsera zimenezi pa mtengo.

Chomaliza ndi zotsalira za m'mbuyo. Mgodi wakale umatha kukhala ndi makoma ogumuka kapena madzi okhala ndi mankhwala oipa. Wogula amatenga malowo pamodzi ndi udindo wake wonse.

Pamene wogula sakufuna madzi

Zimene zinachitika m'zaka zaposachedwa zikuonetsa mphamvu ya lamulo la msika lija. M'chaka cha 2021 zinadziwika kuti malo a Dutch Springs akugulitsidwa kwa kampani ya Trammell Crow, imene inkafuna kumangapo nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu. Chigwa cha Lehigh, kumene kuli malowa, chili pa misewu yopita ku New York ndi ku Philadelphia, ndipo malonda a pa intaneti anachititsa kuti nthaka ya kumeneko ikwere mtengo kwambiri. Masukulu a kudaiva a m'zigawo zingapo, pamodzi ndi magulu opulumutsa anthu amene ankaphunzirira pamenepo, anadandaula. Pambuyo pa zokambirana, nyanjayo inapatulidwa ku malo omangapo nyumba zija ndipo inatsegulidwanso kwa madaiva pa dzina latsopano la Lake Hydra.

Ku Britain, malo a National Diving and Activity Centre kufupi ndi Chepstow, amene anali dzenje la kwale lakuya pafupifupi mamita 80, anatsekedwa kwa anthu wamba kumayambiriro kwa 2022. Pambuyo pake zinadziwika kuti apita m'manja mwa kampani ya DEEP, imene ikuyesa nyumba zoti anthu azikhalamo pansi pa madzi. Apa wogula ankafunadi madziwo, koma pa ntchito ina.

Ku Florida nkhani inali ya madzi enieniwo. Malo a Ginnie Springs, otchuka ndi madaiva a m'mapanga, ndi a anthu osati a boma. Mu 2021 akuluakulu oyang'anira madzi m'deralo anavomereza chilolezo chopopa magaloni a madzi pafupifupi miliyoni imodzi patsiku kuti aziikidwa m'mabotolo ogulitsa, ngakhale anthu ambiri anatsutsa poopa kuti kasupe ndi mtsinje wa Santa Fe zichepa mphamvu. M'chigawo chomwecho, boma la Florida linasankha njira ina mu 2017 pamene linagula kasupe wa Blue Springs wa ku Gilchrist, malo osambirako a maekala oposa 400, pa ndalama zopitirira pang'ono madola 5 miliyoni, n'kuwasandutsa paki ya boma.

Ku Yucatán, mapanga ambiri ali pa malo a midzi otchedwa ejido, amene anthu amakhala nawo mogwirizana. Kusintha kwa malamulo mu 1992 kunalola kuti malo otere azigawidwa ndi kugulitsidwa. Midzi ina inagulitsa, koma ina inasunga mapanga ake n'kumalipiritsa alendo pakhomo, monga zilili ku Dos Ojos kufupi ndi Tulum.

Nyanja ya Malawi: chuma chimene sichili pa pepala la lizi

Nyanja yathu ndi yakuya pafupifupi mamita 700 ndipo ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi. Mitundu mazanamazana ya nsombazi sipezeka kwina kulikonse. Daiva akatsika pa matanthwe a Otter Point kapena pa chilumba cha Thumbi ku Cape Maclear, amazingidwa ndi nsomba za mbuna zabuluu, zachikasu ndi zamizeremizere, zikubudula ndere pamwala mitu itaweramira pansi. Pa mchenga amaona timaenje tozungulira bwino ngati mbale, timene nsomba zazimuna zimakumba pokopa zazikazi. Akayandikira pang'onopang'ono amatha kuona mayi wa nsomba akulavula tiana take kuti tidye, kenako n'kutimezanso m'kamwa pakangodutsa mthunzi wa mdani. Zimenezi ndi zimene alendo amalipirira ku Cape Maclear, ku Nkhata Bay, ku Kande ndi ku Likoma.

Paki ya Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsombazi, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika kwa dziko lonse lapansi. M'pakimo usodzi ndi woletsedwa pa mtunda wa mamita 100 kuchokera kugombe. Zilumba monga Mumbo ndi Domwe sizigulitsidwa. Makampani amagwirapo ntchito pa mgwirizano ndi nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire.

Malamulo athu amanena momveka kuti madzi a m'nyanja ndi m'mitsinje ali m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse. Lamulo la za madzi la 2013 ndilo likuyendetsa zimenezi. Tero munthu akamati akugulitsa malo odaivira ku Nkhata Bay kapena ku Cape Maclear, chimene akugulitsa ndi lizi ya malo a pagombe, nyumba, maboti, kompresa ndi dzina la bizinesi. Thanthwe limene mbuna zimakhala si lake. Bwato la kampani ina likhoza kufika pomwepo mawa.

Malo a m'mphepete mwa nyanja ambiri anachokera ku malo a makolo amene mafumu amayang'anira. Malamulo a za malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anakhwimitsa njira zogulira malo kwa anthu amene si nzika, ndipo kusamutsa lizi kumafuna chilolezo cha unduna wa za malo. Choncho zaka zimene zatsala pa lizi zimakhudza mtengo kwambiri: lizi yotsala ndi zaka zisanu ndi zitatu singafanane ndi yotsala ndi zaka 40.

Pali zinthu zinanso zimene wogula wanzeru amaziyang'ana kuno. Makasitomala ambiri ndi alendo akunja, ndipo mliri wa Covid-19 mu 2020 unaonetsa kuti akhoza kusowa onse nthawi imodzi. Zipangizo zonse zodaivira zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, kotero kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wosinthira kompresa kapena injini unakwera tsiku lomwelo. Mu 2024 madzi a nyanja anakwera kwambiri mpaka kulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima, ndipo nyumba zomangidwa pafupi kwambiri ndi madzi zinaonongeka. Mphepo ya mwera imavundula nyanja m'miyezi yozizira, pamene mvula imabweretsa matope kuchokera m'mapiri amene mitengo yake inatha. Likodzo nalonso limaopseza alendo. Ofufuza a ku Cape Maclear anaona kuti nkhono zofalitsa matendawa zinachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha usodzi wa makoka m'mphepete.

Tikaphatikiza zonsezi, tikuona kuti mtengo wa bizinesi yodaivitsa alendo pa Nyanja ya Malawi umapangidwa ndi anthu amene sali pa pepala la malonda: msodzi amene amalemekeza malire a paki, mlimi wa kumtunda amene sanadule mitengo, ndi mudzi umene sutaya zinyalala m'madzi.

Maganizo osiyana

Pali magulu atatu a maganizo pa funso loti malo oterewa akhale m'manja mwa yani.

Gulu loyamba limati umwini wa munthu payekha ndiwo umasamala bwino. Mwini malo amadziwa kuti madzi akada, makasitomala athawa, choncho amaika malamulo, amachepetsa chiwerengero cha anthu ndi kukonza zoonongeka msanga. Amatinso mwini ali ndi ufulu wogulitsa kwa amene wapereka ndalama zambiri, makamaka akakalamba ana ake osafuna kupitiriza ntchitoyo. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu pa maenje a migodi, amene akanakhala mabwinja pakanapanda munthu woikapo mpamba wake.

Gulu lachiwiri limati malo osowa ngati akasupe, mapanga ndi nyanja zachilengedwe ndi cholowa cha onse, ndipo boma liyenera kuwagula kapena kuwasunga. Limanena kuti mtengo wa pamsika suwerengera phindu limene ena amapeza: wogulitsa nsomba yowotcha, woyendetsa bwato, wosema ziboliboli, ofufuza za sayansi, ndi ana amene sanabadwe. Otsutsa gululi amakumbutsa kuti boma kawirikawiri limasowa ndalama zolondera ndi kukonza, ndipo paki imatha kukhala ya pa pepala chabe.

Gulu lachitatu limati anthu a m'deralo ndiwo ayenera kukhala ndi mawu aakulu, kudzera m'makomiti a m'midzi, makalabu kapena magulu a zamalonda. Kuno kwathu limaloza ku chilumba cha Mbenji ku Salima, kumene ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi miyezi ingapo chaka chilichonse kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amamvera. Vuto la njirayi ndi lakuti midzi imasowa mpamba ndi luso loyendetsera bizinesi yofuna chitetezo chapamwamba, ndipo ndalama zolowa zimatha kuyambitsa mikangano ngati palibe kaundula woonekera kwa onse.

Zodziwika ndi zimene anthu akutsutsanabe

Pali mfundo zimene mbali zonse zimavomereza. Kudaiva pakokha sikubweretsa phindu lalikulu. Malo ambiri amadalira zinthu zoonjezera monga maphunziro, kubwereketsa zipangizo, chakudya ndi malo ogona. Nthaka yoyandikana ndi mizinda imakwera mtengo msanga kuposa phindu la bizinesi yodaivitsa, ndipo n'chifukwa chake malo otere amakhala pa chiopsezo chotsekedwa. Madzi akaonongeka, mtengo wa bizinesi umagwa ngakhale nyumba zikhale zokongola.

Kusagwirizana kuli pa mfundo zitatu. Yoyamba ndi momwe tingawerengere phindu limene silidutsa pamsika. Akatswiri a zachuma amayesa kuwerenga ndalama zimene alendo amaononga paulendo wonse, kapena kufunsa anthu kuti angalolere kupereka zingati kuti malo asungidwe. Ena amati njirazi zimakokomeza, ena amati zimachepetsa. Yachiwiri ndi yoti dzina la bizinesi ndi la ndalama zingati mwini wake akachoka, popeza makasitomala ambiri amatsata mphunzitsi amene amamukhulupirira. Yachitatu ndi kuchuluka kwa alendo amene malo angalandire asanayambe kuonongeka. Wogula amene wakongola ndalama zambiri amakakamizika kulowetsa anthu ochuluka, ndipo potero amatha kudya mbewu imene amayenera kudzala.

Zoyenera kuchita

Wofuna kugula ayambe ndi kufufuza ku ofesi ya za malo ngati lizi ndi yolembetsedwa, yatsala ndi zaka zingati, malire ake ali pati, ndiponso ngati siinaperekedwe chikole kubanki. Apemphe mabuku a ndalama a zaka zosachepera zitatu ndi kuwafananiza ndi zikalata za msonkho. Abweretse katswiri woona kompresa ndi mathanki, chifukwa mpweya woipa umapha. Alowe yekha m'madzimo m'nyengo yabwino ndi yoipa yomwe. Akacheze ndi mfumu, komiti ya pagombe ndi asodzi, amve ngati pali mkangano wa malire kapena wa njira yopita kumadzi.

Wogulitsa alekanitse mtengo wa malo, wa zipangizo ndi wa bizinesi, ndipo asabise ngozi zimene zinachitikapo. Ngati akufuna kuti malowo apitirize kukhala odaivira, alembe zimenezi m'pangano la malonda, chifukwa lonjezo la pakamwa silimanga wogula.

Mafumu ndi mabanja okhala ndi malo a pagombe aganizire bwino kusiyana kwa kugulitsa ndi kubwereketsa. Ndalama ya malonda imabwera kamodzi n'kutha, pamene lendi kapena gawo la phindu limabwera chaka ndi chaka, malo akadali a mbumba. Pangano lililonse lisiye njira yoti anthu azifika kumadzi kukatunga, kuchapa ndi kukocheza mabwato. Lizinenanso za kuphunzitsa achinyamata a m'deralo mpaka afike pokhala aphunzitsi a kudaiva, kuti luso likhazikike pamudzi.

Boma nalo lili ndi mbali yake: kulondera malire a paki, kuletsa kumanga m'malo amene madzi amafika akakwera, kuonetsetsa kuti zimbudzi za malo ogona alendo sizikutsikira m'nyanja, ndi kulengeza poyera mapangano a zilumba ndi magombe kuti anthu adziwe zimene fuko likupindula.

Pepala la lizi limatha kusintha manja kambirimbiri, koma mbuna zikatha pa thanthwe palibe sitolo imene tingakazigule. Aliyense amene akugula, kugulitsa kapena kusainira malo a m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi ayambe wafunsa kuti madziwo adzakhala oyera bwanji zaka 20 zikubwerazi, chifukwa mtengo wonse wa malowo wagona pamenepo.